Maliro a Bambo wa Chipewa

Tchuthi chachikulu cha chaka chatha ndinafika kwathu ku esiteti ya tiyi chiperoni chitaphimba phiri lonse. Lole ya nkhuni inanditsitsa pa Chitakale, kotsalako ndinayenda pansi, sutikesi pamutu. Nditalowa m'malaini a nyumba za antchito, palibe anandifunsa za mayeso kapena za moyo wa ku sekondale. Aliyense anali ndi nkhani imodzi: galimoto ya kanema ikubwera Lamlungu, bambo wa chipewa akubweranso, koma ulendo uno akulankhula.

Bambo wa chipewa anali munthu wa mu filimu imene tinkaikonda kuposa ina iliyonse. Galimoto ija inkabwera ndi mafilimu ena ophunzitsa kukumba zimbudzi ndi kuunga mizere, koma anthu ankapirira zonsezo podikira iyeyo. Nkhani yake inali yosavuta. Mkazi wake amutuma kusitolo kukatenga bedi lachitsulo. Iye, kamunthu kakafupi ka miyendo ya matewe, chipewa chachikulu chong'ambika pambali, asenza bedilo ulendo wa kwawo. Panjira njuchi zimupirikitsa. Mvula imupeza, abisala kunsi kwa bedi lopanda matiresi, anyowa ndithu. Pomaliza, powoloka pa mlatho wa mtengo umodzi, bedi ligwera mumtsinje. Akhala pansi, avula chipewa, alira. Filimuyo inalibe mawu, ndipo tinaionera kambirimbiri osatopa nayo.

Ankationetsera mu shedi yosungiramo mabokosi a tiyi, Lamlungu masana tikaweruka ku tchalitchi. Mazenera ankawatchinga ndi ziguduli, chinsalu choyera n'kuchipachika pakhoma. Popeza zithunzizo zinali zosalankhula, panali anthu awiri ozipatsa mawu. Woyamba anali bambo wofotokoza, wamtali, wa tayi, amene ankabwera ndi galimotoyo n'kumalankhula pa chimkuzamawu. Anthu ankamukonda. Ankadya m'nyumba zathu, ndipo amayi anga omwe anamuphikirapo kalongonda. Bambo wa chipewa akangotulukira pa chinsalu, iye ankafuula kuti, "Uyu ndi mnzanga weniweni! Kutauni timadyera mbale imodzi. Chipewa mukuchionachi ndinamugulira ndine." Anthu ankaomba m'manja.

Wachiwiri anali achimwene anga ndi banjo yawo.

Achimwene anathyoka mwendo mtengo wa bulugamu utawagwera podula nkhuni za ku fakitale. Mwendowo unapola mokhota, moti khasu kapena dengu la tiyi pamtunda sakanalitha. Kampani inawasunga kuti azisesa shedi ija ndi kuimba pa kanema. Pa esiteti nyumba ya m'laini amapatsa munthu wa ntchito ya chaka chonse. Atate anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi amathyola tiyi nyengo ya mvula yokha. Choncho denga limene tonse atatu tinkagonamo linatsamira pa nsambo zinayi za banjo ija.

Anaipanga okha, ndi chitini chozungulira, chikopa cha ng'azi ndi mawaya a mabuleki a njinga. Ku mwendo wabwino ankamanga maseche. Palibe anawauza zoti aziimba. Ankangoyang'ana chinsalu, nyimbo n'kumabwera, ndipo m'kupita kwa zaka chochitika chilichonse chinapeza nyimbo yake. Panali ya poyenda, yotsimphina pang'ono ngati mwini wake. Pa njuchi ankakanda nsambo zonse ndi chikhadabo mpaka ana kumadziphimba kumutu. Koma chimene ndinkachikonda n'chakuti ankatidikira. Anthu akaseka kwambiri, iwo ankatsitsa banjo mpaka chiseko chithe. Mwana akalira kumbuyo, ankabwereza mzere womwewo kuti mayi wake asatsalire. Ndipo pa mlatho ankaimba pang'onopang'ono, amayi onse a m'malaini n'kulandira:

"Ndasenza ine, ndasenza,
wondituma ali pamthunzi."

Amayi othyola tiyi ankaiimba nyimbo imeneyi ndi mtima wonse, akapitawo ali pomwepo, ndipo palibe akanawaletsa, chifukwa inali ya bedi.

Lamlungu lija shedi inadzaza mpaka anthu ena kukwera pa mabokosi. Achimwene anafika msanga, anakhala pamalo pawo pafupi ndi chinsalu, anakunga nsambo. Wa makina anazimitsa nyali. Achimwene anakweza dzanja kuti ayambe, ndipo nthawi yomweyo m'chimkuzamawu munaphulika malipenga. Ana anakuwa. Galu amene anagona pakhomo anathawa.

"Musaope!" anatero bambo wofotokoza. "Filimu yathu aipanganso yatsopano. Nyimbo mukumvazi anapeka ndi katswiri wophunzira kutsidya kwa nyanja, ndipo oimba ake angadzaze shedi ino. Dzina lake ndi ilo lalembedwa apolo."

Kenaka anatembenuka, anawaona achimwene dzanja likadali m'mwamba.

"Aa, achimwene a banjo, mukadalipo? Pumulani, mwatumikira. Chitini chanucho mukawapatse amayi azitungira madzi. Kapena mukufuna kuguba ndi malipenga pa mwendo umodziwo?"

Ananena pa chimkuzamawu. Mawuwo anagunda denga la malata n'kubwerera pa mitu yathu. Anyamata a ku fakitale anaseka, akalaliki a mu ofesi anaseka, ndipo ena anaseka chifukwa anzawo akuseka. Achimwene nawonso anamwetulira pang'ono. Anagoneka banjo pamiyendo, anavula maseche mosamala kuti asalire, ndipo anakhala pomwepo mpaka filimu kutha. Ine ndinali kumbuyo kwa amayi, ndipo ndinaona khosi lawo likunjenjemera.

Filimu yatsopanoyo ndinaionera ndi maso a mdani, koma zimene ndinene pano ndi zoona. Nkhani inali yomwe ija, nyumba yomwe ija, chipewa chomwe chija. Mkazi analinso yemwe uja, kungoti ananenepa. Koma wovala chipewacho anali munthu wina, wamtali, wa masaya osalala, wooneka kuti sanasenzepo kanthu chibadwire. Nyimbo zake zinali zaphokoso ndi zachangu. Zinkatiuza poti tiseke tisanaone choseketsa. Tikaseka, izo zinali zitapita kale patsogolo. Pa mlatho amayi ena anayamba "Ndasenza ine," koma zoimbira za m'chimkuzamawu zinawaphimba, anasiyira pakati, akuyang'anana mwamanyazi.

M'mawa mwake kalaliki wamkulu anawaitana achimwene ku ofesi. Anawauza mwaulemu kuti popeza kanema tsopano akudziimbira yekha, kusesa kokha si ntchito yosungira munthu nyumba. Mwezi ukatha asankhe: alowe gulu la makasu, kapena tituluke m'laini. Achimwene anabwera n'kutiuza ali chiimire pakhomo. Kwathu kwenikweni ndi kutsidya kwa malire, kumene agogo anathawa Apwitikizi, ndipo ine sindinapondeko. Tikanatuluka m'laini, sindikudziwa kumene tikanalowera.

Sabata imeneyo esiteti yonse inagawikana pa nkhani ya nyimbo. Anyamata a ku fakitale ankaimba mluzu wa malipenga aja podutsa pakhomo pathu. Tsiku lina pa sikelo yoyezera masamba ndinamva kalaliki wamng'ono akutsutsana ndi kapitawo wina wachikulire amene anapitako kunkhondo.

"Inu simudziwa nyimbo, madala," anatero kalalikiyo. "Zija ndi vayolini. Munthu amaphunzira zaka kuti agwire chinthu chimene chija."

"Aphunzire zaka zonse za moyo wake. Malipenga aja ine ndimawadziwa, ndi ogubira asilikali. Unaonapo munthu wosenza bedi akuguba?"

"Ndi chitukuko chimenecho."

"Chitukuko chothamanga chonchija? Ine ndisanamalize kuseka njuchi, iwo afika kale kumtsinje."

Kalalikiyo atandiona anati, "Funsani uyu wa ku sekondale. Iwe, si zoona kuti kwanu kusukulu mumaimba nyimbo zolembedwa papepala, za manotsi?"

Ndinayankha kuti timaimba za manotsi, koma aphunzitsi athu amayamba ayang'ana ngati tapuma mpweya. Anandiuza kuti ndikungoikira kumbuyo mbale wanga. Ndinavomera.

Wopeka nyimbo wa kutsidya kwa nyanja uja ndinkadana naye, koma anali kutali. Amene ndinkamufuna anali bambo wofotokoza. Galimoto inali itapita cha ku Limbuli, ndipo pobwerera inayenera kudzaonetsanso filimuyo mwezi usanathe. M'buku langa la tsiku ndi tsiku, limene ndimalembamo mavesi ndi zolinga za moyo wanga, ndinalemba kuti ndikufuna lilime lake litupe mpaka tayi imuthine. Ndinaganiza zothira mchenga mu injini. Ndinaganiza zodula waya wa chimkuzamawu ndi chikwanje. Koma zonsezi zikanagwera achimwene, chifukwa makiyi a shedi ankasunga ndi iwo. Ndiponso sindinkafuna kuononga makina. Ndinkafuna kuti munthu uja aimirire pamaso pa anthu omwe aja, m'shedi yomwe ija, asowe chonena.

Njira inandipeza yokha kumtsinje, tikuchapa. Kumapeto kwa laini lathu kumakhala mayi wina wa zaka za pakati, wothyola tiyi mwachangu kuposa amuna, wa pakamwa posapsatira. Pakagwa maliro m'malaini ndi iye amene amasambitsa mtembo ndi kugawa ntchito, ndipo ngakhale akapitawo amamumvera pa tsiku lotero. Tonse timangoti mayi a kumapeto. Tsiku limenelo anasiya kuchapa, anafwenkha fodya wa m'mphuno, n'kundiitana.

"Iwe wophunzira, tabwera kuno. Pali chinthu chikutisowetsa tulo. Uja woyamba uja anamwalira liti?"

"Uti, amayi?"

"Wa chipewa. Usandiyese mwana. Chipewa n'chomwe chija, nyumba ndi yomwe ija, mkazi ndi yemwe uja. Mwamuna yekha ndi wina. Ndiye kuti chiyani?"

"Chokolo chimenecho," anatero mayi wina akukamula nsalu. "Walowa m'nyumba ya mbale wake."

"Mkaziyo wachita kunenepa. Analira n'komwe?"

"Ndipo wolowayo akuvina ndi malipenga, chipewa cha malemu pamutu. Kaya anameta, kaya sanamete."

Mayi a kumapeto anakweza dzanja, onse anakhala chete. "Za mkaziyo ndi za kwawo. Ine changa n'chimodzi. Munthu uja watiseketsa zaka zonsezi. Mwana wanga woyamba anayamba kumuona ali kumsana, lero akuthyola tiyi. Ndiye amwalire, ife osauzidwa? Tikhale pansi tiziseka, tili pa maliro osadziwa?"

Ine ndinkadziwa. Aphunzitsi athu a Chingerezi anatiuzapo kuti opanga mafilimu amatha kutenga nkhani yakale n'kuipanganso ndi anthu ena, ndipo woyambayo amangopita kukagwira ntchito ina. Ndikanatha kufotokoza zimenezi madzi a m'ndowa asanadikhe. Koma ndinakumbukira khosi la amayi. Bodza sindinanene, chifukwa ndine Mkhristu. Ndinasankha zoona zimene zinali ndi mano.

"Ine sindikudziwa ngati ali moyo kapena ayi, amayi. Sindinamuonepo maso ndi maso. Angadziwe ndi amene amadya naye mbale imodzi."

Kenaka mayi a kumapeto anaomba m'manja kamodzi, nayamba kulankhula Chilomwe, chimene amayi a kwathu amalankhula zinthu zikafika povuta. Kwathu munthu wodziwa za imfa akafika pamudzi, sakhala pansi, salandira madzi, asananene uthengawo. Kudya ndi kuseka ndi anthu uku ukubisa maliro ndi mlandu. Ndipo bambo wofotokoza Lamlungu lija anadya kwa kapitawo, anamwa thobwa kwa mayi a kumapeto omwewo, n'kutiseketsa masana onse.

Nkhaniyo inayenda m'malaini mofulumira kuposa moto wa lupsa. Ine ntchito yanga inali yochepa. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi, ndipo ndinkaonjeza kuti chipewacho paja anati anagula ndi iwo. Achimwene atamva anandiitanira pambali.

"Iwe, ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikuyankha mafunso a akuluakulu, achimwene."

Anapukusa mutu. Lamlungu la kanema litafika anapereka makiyi kwa mlonda, iwo n'kutsala kunyumba.

Galimoto itakhota kulowa msewu wa ku shedi, inapeza nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Dalaivala anachepetsa liwiro, anavula kapusi. Pakhomo pa shedi amayi anali atakhala pansi mbali imodzi, miyendo yotambasula, mipango kumutu, nsalu zomanga m'chiuno. Abambo anakhala mbali ina, zipewa m'manja. Ambiri anabwera ndi chisoni chenicheni. Ena, ndikudziwa, anangobwera kudzaona. Bambo wofotokoza anatsika, anakonza tayi, anayenda chowerama mpaka pamene panali mayi a kumapeto.

"Pepani, amayi, sitinamve. Atisiya ndani?"

"Mukufunsa ife?"

Mayi wina kumbuyo anayamba, "Mayo ine! Mayo, wa chipewa wathu!" ndipo ena analandira. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku. Kalaliki wamkulu anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Masiku ano azungu a m'maesiteti sakondwa kuona khamu la anthu litasonkhana mosadziwika bwino, ndipo nyumba ya bwana wa esiteti yathu ili pamtunda pomwepo, pomveka kulira.

Mayi a kumapeto analetsa olirawo, nayamba mlandu ali chikhalire.

"Bambo, mnzanu uja wa chipewa, wamfupi uja. Munamuika liti?"

Bamboyo anaseka, koma anaseka yekha. "Aa, amayi! Ameneyo sanafe ayi."

"Ali kuti?"

"Kaya. Ali kwawo, mwina."

"Kwawo n'kuti?"

"Sindi... ndi kutali."

"Mnzanu wodya naye mbale imodzi, simudziwa kwawo?"

"Amayi, mvetsani. Ija ndi sewero chabe. Angosintha munthu."

"Angosintha munthu." Mayi a kumapeto anatembenukira anzawo. "Mwamva? Munthu ali moyo, amulanda mkazi, amulanda nyumba, amuvula ndi chipewa chomwe. Ndipo mnzake wapamtima abwera kuno kudzaimbira wolandayo malipenga."

"Chipewa chogula yekha!" anafuula kapitawo wa kunkhondo uja. Anthu anang'ung'udza. Tsopano zinaipa kuposa poyamba.

"Sankhani chimodzi, bambo," anatero mayiwo. "Ngati anafa, mwabisa maliro. Ngati ali moyo, mwagulitsa mnzanu. Ngati simumudziwa n'komwe, ndiye kuti zaka zonsezi mwakhala mukudya nkhuku zathu ndi bodza."

Pamenepo maso a bamboyo anandipeza. Ndinavala yunifolomu yanga dala, ndipo ndinaima poonekera.

"Mwana wa sukulu! Iwe ukudziwa za mafilimu. Tawafotokozera amayi akowa."

Ndinagwada bwinobwino monga mwana woleredwa, manja pamodzi. "Pepani, bambo. Kusukulu sanatiphunzitse za mabanja a eni ake. Amene mumadya nawo ndinu."

Anatsegula pakamwa, anatseka. Anagwira tayi. Chimkuzamawu chinali chikadali m'galimoto, ndipo popanda icho mawu ake anali aang'ono ngati a munthu wina aliyense. Anthu onse aja amene anaseka achimwene anali pomwepo, akumuyang'ana. Ndakhala ndikupambana mayeso, ndalandirapo mphatso pamaso pa sukulu yonse, koma sindinamvepo kukoma kofanana ndi kwa mphindi imeneyo, ndipo sindinapemphe chikhululukiro chifukwa cha iko.

Pa zitatu zija anasankha chopepuka. Anayang'ana pansi n'kunena kuti mnzakeyo anadwala nthawi yochepa, ndipo iye anaopa kutiuza. Amayi onse aja analira ndithu tsopano. Kalaliki wamkulu ankangoyang'ana kumtunda, akupempha kuti chonde zithe msanga, anthu alowe, kanema ayambe.

Chigamulo chinali chachifupi. Wobisa maliro apereke nkhuku. Filimu ionetsedwe, chifukwa wolowa chokolo sakanidwa, koma malipenga pa maliro ayi. Chimkuzamawu chikhale m'galimoto. Ndipo malemu aperekezedwe ndi nyimbo zake zimene ankayenda nazo.

"Wa banjo ali kuti?" anafunsa mayi a kumapeto.

Kalaliki wamkulu sanatume munthu. Anapita yekha kunyumba kwathu, ndipo anabwera atawanyamulira achimwene maseche.

M'shedi munali bata limene sindinalimvepo. Wa makina anatseka mawu a filimu, kunangotsala kulira kwa makinawo. Bambo wofotokoza anakhala pa bokosi pakona, nkhuku yogula m'laini ili pamiyendo pake, yomanga miyendo. Achimwene anayamba ya poyenda ija. Munthu watsopanoyo ankayenda mothamanga, koma iwo anamupeza, anamukoka, mpaka anayamba kuoneka ngati akutsimphina. Pa njuchi anthu anaiwala maliro, anaseka, ndipo banjo inawadikira. Ine ndinkangoyang'ana pakona paja.

Tinafika pa mlatho. Bedi linagwa, munthu anakhala pansi, anavula chipewa. Amayi anaimba "Ndasenza ine" mpaka malata kunjenjemera. Atamaliza, chithunzi chinali chisanathe, chifukwa mu filimu yatsopanoyi munthuyo amalira nthawi yaitali. Achimwene sanabwereze. Analowa m'nyimbo ina, yoyenda pang'onopang'ono, yokwera katatu n'kutsika ngati munthu wotula katundu. Amayi ena anayamba kusisima. Ine ndinaizindikira. Inali ya mavayolini ija, ya katswiri wa kutsidya kwa nyanja, imene inawaphimba amayi Lamlungu loyamba. Anaimva kamodzi kokha, banjo ili pamiyendo, anthu akuwaseka, ndipo anaisunga yonse.

Potuluka, kalaliki wamkulu anawaimitsa pakhomo. Anati mawa abwere kudzasesa monga mwa masiku onse. Anati akamuuza bwana kuti anthu a pano sakhala pansi pa kanema popanda banjo, ndipo nkhani ya nyumba aiiwale. Ananena mofulumira, osawayang'ana kumaso. Bambo wofotokoza anakwera galimoto osatsanzika, ndipo ndamva kuti tsopano akafika pa esiteti yathu amayamba wapereka moni kwa achimwene asanatsitse katundu.

Panjira yopita kunyumba ndinalephera kudziletsa.

"Achimwene, ija mwaimba pa mlatho ija ndi ya adani."

"Wayimva?"

"Ndayimva. Ine ndavutika sabata yonse kuti malipenga aja akhale chete, inu n'kuwalowetsa pakhomo la kumbuyo?"

"Malipenga ndi achabechabe, pamenepo sindikutsutsa. Ya njuchi ija wopekayo anaiphonya, ya poyenda anaiphonya. Koma ya pa mlatho, chemwali, munthu uja anakhala pansi. Amene anapeka ija anatayapo chinthu m'madzi."

"Anafuna kutitulutsa m'nyumba."

"Sakutidziwa n'komwe. Ndipo yanga ija ndi yaifupi, munthu watsopanoyu amalira motalika. Ukanafuna ndingokhala?"

"Mukanabwereza yanu."

"Yake ndi yabwino kuposa kubwereza."

Mpaka lero sindivomereza. Nyimbo ya munthu amene sanaonepo shedi yathu, amene sadziwa kuti amayi a kwathu amafuna mpata wopumira asanalandire, singapose ya achimwene, ngakhale mwini wakeyo anene. Ndikadzamaliza sukulu ndikufuna kudzaphunzira kulemba manotsi bwinobwino, ndidzalembe nyimbo zawo zonse, kuti tsiku lina dzina lolembedwa pa chinsalu lidzakhale la munthu wa m'laini. Ndinawauza zimenezi, iwo anati ndiyambe ndaphunzira kukunga nsambo.

Tsiku loti ndibwerere kusukulu ndinadzuka ndi kumva nyimbo ya adani ija pakhonde. Achimwene ankaiyesa mwa njira ina, akuisakaniza ndi maseche. Ndinatuluka kuti tikangane, ndipo tinakanganadi. Amayi anali kuseri kwa nyumba, atagwada, akufesa mpiru m'kabedi kamene anagaula m'mawa womwewo, ndipo m'mbali mwa khoma anali atabzala zitsa za nzimbe, zimene zimatenga chaka kuti munthu adye.

"Inu awiri," anatero osatembenuka, "amene wapambana pa mkanganowo akatunge madzi. Mbewuzi sizimera ndi banjo."

Ndinatenga ndowa ndine.